Mkonzi wabweza nkhani yanga ya mkulu wa patapata: ndalakwitsa pati?

Funso: Ndine mphunzitsi wa Chichewa pasukulu ina ya sekondale, ndipo ndimalembako nkhani zazifupi. Ndinalemba ya mtsikana wolandira alendo pa ofesi ina mumzinda. Kunabwera mkulu wina atavala patapata ndi jekete lakutha, jumbo ili m'manja. Mtsikanayo anamusiya pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana, n'kumamuyankha mwamwano. Kenako zinadziwika kuti mkuluyo ndi bambo ake a bwana wamkulu wa pamalopo, ndipo mtsikanayo anachotsedwa ntchito. Mkonzi wandibwezera, akuti mathero ake akudziwikiratu. Kodi nkhani zoweruza munthu poona maonekedwe zinatha ntchito, kapena ndine ndalakwitsa?

Yankho: Aphunzitsi, mfundo imeneyi siinathe ntchito, ndipo sindikuona tsiku limene idzathe. Malinga anthu akuvala ndi kuyankhula mosiyana, adzapitirira kuyezana ndi maso asanapatsane moni. Choncho nkhani yanuyo musaing'ambe. Koma mkonziyo wanena zoona, ngakhale wangokhudza pamwamba. Kudziwikiratu kwa mathero pakokha sikupha nkhani. Mwana aliyense amene anamvapo nthano ya chitsime chimene Kalulu anakana kukumba nawo amadziwa kuti Fulu, yemwe nyama zikuluzikulu zinkamuderera, ndiye adzamugwire, koma mawa lake mwana yemweyo amapemphanso nthano yomweyo. Chimene chafooketsa nkhani yanu chili pena.

Tadzifunsani: mtsikanayu wachotsedwa ntchito pa mlandu wanji? Mwina muyankha kuti wa mwano. Koma tayerekezani kuti mkulu uja anali mlimi wamba, wakwera minibasi ndi ndalama yobwereka kudzafunsa za mapepala a mwana wake amene anamwalira. Mtsikanayo akanamukhazika pabenchi maola omwewo, akanamuyankha mawu omwewo, ndipo ikamakwana 5 koloko akanazimitsa kompyuta n'kumapita kwawo, ntchito ili m'manja. Ndiye kuti m'nkhani yanu mwano ulibe chilango. Cholangidwa n'kulephera kuzindikira munthu wa ndalama. Wowerenga akuchokapo ndi phunziro lakuti usanyoze wa patapata chifukwa mwina ndi bambo a bwana. Ulemu wotere ndi malonda. Sikelo imene mtsikanayo ankayezera anthu mwaisiya ili chiimire, mwangomuuza kuti tsiku limenelo anawerenga molakwika. Ndikudziwa kuti si zimene mtima wanu unkafuna kunena, n'chifukwa chake ndayambira pamenepa.

Anton Chekhov, mlembi wa ku Russia yemwenso anali dokotala, analemba mu 1884 kankhani kamene mutu wake umatanthauza bilimankhwe. Wapolisi wina wamkulu, Ochumelov, akudutsa pamsika apeza anthu ataunjikana: kagalu kaluma chala cha mmisiri wosula golide, dzina lake Khryukin. Wapolisiyo akalipa, akuti galuyo aphedwe, mwini wake alipitsidwe. Wina m'gulumo anena kuti galuyu akuoneka ngati wa mkulu wa asilikali. Pomwepo mlandu utembenuka, wolakwa akhala wolumidwa uja. Wina ati ayi, si wa mkuluyo, galu asandukanso wachabechabe. Zibwerezabwereza choncho, wapolisiyo uku akuti amuvule chikhothi kwatentha, uku akuti amuvekenso kwazizira, mpaka wophika wa kunyumba kwa mkulu wa asilikali anena kuti galuyo ndi wa mchimwene wake wa bwana. Galu ayamikiridwa, wolumidwa aopsezedwa. Onani bwino, Aphunzitsi: Ochumelov ndi munthu amene phunziro la m'nkhani yanu analimva n'kuligwiritsa ntchito. Saweruza asanadziwe kuti ameneyu ndi wa yani. Mtsikana wanu akadzapeza ntchito ina, adzakhala ngati iyeyu.

Vuto lachiwiri lili pa wowerenga. Kuyambira ndime yoyamba, wowerenga wanu wakhala kumbali ya mkulu uja. Mwamuonetsa mtsikana wa milomo yopaka, zikhadabo zazitali, maso ali pafoni, ndipo wadziwiratu kuti uyu ndiye woipa. Akungodikira ndodo kuti igwe. Ikagwa, asangalala, atseka nyuzipepala ali munthu wabwino monga analili. Komatu taonani chimene wachita: wamuweruza mtsikanayo poona zikhadabo. Nkhani yodzudzula kuweruza ndi maso yamuphunzitsa kuweruza ndi maso, ndipo palibe pamene yamugwira dzanja kuti aone zimene wachitazo.

Nkhani yaifupi imene ndimayambira ndikamaphunzitsa zimenezi mukuidziwa kale, ili pa 2 Samueli 12. Mneneri Natani sanafike kwa Davide n'kuyamba kumuwerengera machimo ake pa za Uriya ndi Betiseba. Anamusimbira za munthu wolemera wa nkhosa ndi ng'ombe zambiri, amene atalandira mlendo anakalanda kamwana ka nkhosa kamodzi kokha ka mmphawi, kamene kankadya naye m'mbale imodzi n'kugona pachifuwa pake. Davide anapsa mtima, nagamula kuti munthuyo ayenera kufa ndi kubweza kanayi. Atatha kugamula m'pamene Natani anamuuza kuti munthuyo ndi iyeyo. Mphamvu ya nkhaniyi ili pa dongosolo lake: womvera amuyamba wamulola kukhala pampando wa woweruza, agamule ndi pakamwa pake, kenako azindikire kuti waima m'bokosi la wolakwa. Davide sanalakwitse poweruza wolemera uja. Analakwitsa pongoganiza kuti iye ndi munthu wa mtundu wina.

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndikufuna muchedwepo. Munthu saweruza mnzake molakwika chifukwa choti maso ake ndi ofooka. Amatero chifukwa chiweruzocho chili ndi ntchito imene chikumugwirira. Chikuchirikiza chithunzi chimene ali nacho cha iye mwini. Wonena kuti uyo ndi wakumudzi akudziuza kuti ine ndinachokako. Wonena kuti uyo ndi wosaphunzira akusisita satifiketi yake. Mlembi akapeza chimene mpangankhani wake akuteteza ponyoza mnzake, wapeza nkhani. Akapanda kuchipeza, watsala ndi mwambi wa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, woutambasula masamba asanu. Mwambiwo ndi woona, koma umaloza mkuyu. Nkhani yaifupi yabwino imatembenukira kwa wothyolayo, kuti njala imene inamufulumizitsa inali yotani.

Amene anachita zimenezi mwaluso kwambiri, mwa onse amene ndinawerengapo, ndi Katherine Mansfield wa ku New Zealand, m'nkhani yake ya mu 1920 yotchedwa Miss Brill. Ndi ya mayi wina wachingerezi, wosakwatiwa, wopita kuukalamba, wophunzitsa Chingerezi m'tauni ina ku France. Lamulungu lililonse amapita kupaki kukamvera bandi. Tsiku la nkhaniyi watulutsa m'bokosi kachikopa kake kaubweya kovala m'khosi, kokhala ndi mutu, timaso ndi mchira, wakapukuta, akukayankhula ngati kamoyo. Akhala pabenchi pake pa masiku onse n'kuyamba ntchito imene amaikonda: kumvetsera za anthu ngati sakumvetsera, ndi kuwayeza. Aona nkhalamba zokhala pamabenchi ena, zachete, zachilendo, n'kuganiza kuti zikuoneka ngati zangotuluka m'tizipinda tamdima kapena m'makabati. Aona mayi wina wa chipewa chakutha akukanidwa ndi bambo amene wamuuzira utsi wa fodya kumaso. Zonsezi akuziona ngati wakunja, ngati sizikumukhudza. Kenako mtima wake ukwera: aganiza kuti paki yonseyi ndi sewero, aliyense ali ndi gawo lake, iyenso ndi wosewera, ndipo atajomba Lamulungu lina anthu angazindikire kuti wina palibe. Ali m'chisangalalo chimenecho, mnyamata ndi mtsikana ovala bwino adzakhala pabenchi pomwepo. Iye awapatsiratu malo apamwamba m'sewero lake. Atchera khutu, ndipo chimene amva ndi iwo akumunena iyeyo, kuti chinkhalamba chopusachi chimadzatani kuno, ndani akuchifuna, n'kuseka kachikopa kaja kuti kakungokhala ngati nsomba yokazinga.

Palibe amene wapezeka kuti ndi wolemera. Palibe wachotsedwa ntchito. Achinyamata aja salangidwa, ndipo mwina sanadziwe n'komwe kuti wamva. Chimene Mansfield atisonyeza n'chakuti pobwerera kwawo mayiyu adutsa osaima pa bekale pamene amagula kachidutswa ka keke ya uchi Lamulungu lililonse, akwera masitepe, alowa m'kachipinda kake kamdima, ndipo mlembi akatchula kachipindako ndi mawu omwe aja, kuti kali ngati kabati. Mawu amene anayezera nkhalamba zinzake abwerera kwa mwini wake. Abwezera kachikopa m'bokosi mosakayang'ana, ndipo potseka akhala ngati wamva china chake chikulira. Ngakhale apa sakutha kuvomera kuti wolirayo ndi iye. Ndawerenga nkhaniyi kambirimbiri ndipo imandipwetekabe, chifukwa masamba onse oyambawo ndimakhala ndili m'mutu mwa mayiyu, ndikuona ndi maso ake, ndikusangalala naye limodzi poyeza anthu. Mbama ikabwera imatipeza tonse awiri pabenchi limodzi.

Njira yake ndi imeneyo: wofotokoza nkhani amamatira pa mpangankhani mmodzi, satuluka kukatinong'oneza kuti uyu akudzinamiza. Inu m'nkhani yanu, monga mwaifotokozera, mwaima pakhomo la ofesi n'kumatilozera wabwino ndi woipa. Lowani m'mutu mwa mtsikanayo, mukhalemo mpaka mwano wake uyambe kumveka ngati nzeru.

Mwina mufunsa kuti nanga nkhani zotembenuka kumapeto n'zoipa zonse? Ayi. Yotchuka kwambiri ndi ya Guy de Maupassant wa ku France, ya mkanda wa dayamondi, imene inatuluka mu 1884. Mathilde Loisel, mkazi wa kalaliki wa mu unduna wa zamaphunziro, amadziona kuti anabadwira moyo wapamwamba koma tsoka linamuponya pansi. Aitanidwa kuphwando la nduna, abwereka mkanda kwa mnzake wolemera, Madame Forestier, ndipo usiku womwewo autaya. M'malo moulula, iye ndi mwamuna wake agula wina wofanana nawo pa ma franc (ndalama za ku France za nthawi imeneyo) 36,000, theka lake zangongole, n'kuvutika zaka 10 akubweza. Pamapeto akumana ndi mnzake uja, amene poyamba sakumuzindikira n'komwe chifukwa cha mmene wathera, ndipo amva kuti mkanda woyambawo unali wonamizira, wosaposa ma franc 500. Ambiri amakumbukira kutembenukako basi. Koma bwererani m'mbuyo muone mmene anakukonzera. Mnzakeyo anabwereketsa mkandawo mosavuta. Mathilde ndi mwamuna wake atapita kwa wogulitsa amene dzina lake linali pabokosi, wogulitsayo anawauza kuti iye anangogulitsa bokosi lokha, mkandawo ayi. Pobweza, mwini wake sanatsegule n'komwe bokosilo. Zizindikiro zinalipo, koma Mathilde sakanaziona, chifukwa kwa iye munthu wolemera sangakhale ndi chinthu chonamizira, ndipo ife owerenga tinagwirizana naye. Chinamudyera zaka 10 si mkanda, ndi manyazi oti mnzake amuone ali wosauka wotaya za eni. Kutembenuka kotere kumakutumiza kukawerenganso kuchokera poyamba. Kwanuko kukuchokera kunja, ngati mlendo wogogoda nkhani itatha kale.

Ndikuuzeniko zanga pang'ono. Chaka china ndinathandiza nawo kusankha nkhani pa mpikisano wina wa alembi achinyamata. Zambiri zinabwera zotayipidwa bwino, koma imodzi inali yolembedwa pamanja, pamapepala othothola m'kope, mwina kona atanyowapo. Ndinaiika pansi pa mulu. Nditafika poiwerenga, siinali yoposa zonse, inali yapakatikati, ndipo siinapambane. Chimene chinandikhalira mumtima n'china: ndinadzipeza ndikusakasaka zolakwika m'menemo ndi changu chimene sindinachite ndi zinzake, chifukwa ndinkafuna kuti kuiika pansi kuja kukhale kolungama. Ndinkadziwerengera m'gulu la anthu amene sachita zotere. Nkhaniyo sinafunike kukhala yapamwamba kuti kulakwa kwanga kukhale kulakwa.

Tsono tibwerere kwa mtsikana wanu. Langizo langa loyamba ndi lovuta kulilandira: mkulu uja asakhale bambo a bwana. Akhale chimene akuoneka, bambo wa kumudzi, wadzera mapepala a mwana wake womwalira, m'jumbomo muli kalata zopindidwa kanayi, chiphaso, ndi mtedza wokazinga wa kamba wa panjira. Mukamuchotsera ubwana wobisikawo, nkhani ikakamizika kupeza kulemera kwake mwa anthu awiriwa.

Kenako yambirani m'mawa, mtsikanayo asanafike pa ofesi. Timuone akutsika minibasi atavala patapata nayenso, chifukwa kumene amachita lendi msewu wake ndi wafumbi. Aima kuseri kwa mpanda, atulutsa nsapato zazitali m'chikwama, apukuta mapazi ndi kansalu konyowa kamene amayenda nako m'pepala la pulasitiki, patapata abisa pansi pa chikwama. Timve mmene amasinthira lilime akadutsa pageti, mawu a kwawo atsala kunja, Chingerezi chibwera patsogolo. Tidziwe kuti dzulo lake bwana wina anamuseka pamaso pa anzake atatchula molakwika dzina la mlendo. Musafotokoze kuti akuchita manyazi ndi kumene anachokera, kansalu konyowako kanena kale. Wowerenga akafika apa wayamba kumukonda, ndipo ambiri adziona okha, chifukwa ambirife tinayamba tapukutapo fumbi pageti la eni.

Ndiye mkulu uja alowe. Chimene mtsikanayo ayambe kumva si patapata, ndi fungo: utsi wa nkhuni umene umakanirira m'jekete la munthu wogona m'nyumba yosonkhamo moto. Fungo la bambo ake omubala. Apa mwano wake upeza muzu. Sakunyoza mlendo, akukankha chinthu chimene wakhala zaka akuchichapa pathupi pake, ndipo chamulondola mpaka pa desiki. Akamati "Dikirani pabenchipo, abwana ali pamsonkhano," ife tikudziwa kuti abwana ali m'katimo akumwa tiyi, koma tikumvanso mantha ake oti akalowetsa munthu wotere, a m'katimo aona kuti awiriwa ndi amodzi. Tikumuikira kumbuyo pang'ono. Mukatifikitsa pomuikira kumbuyo, mwatigwira monga Natani anagwirira Davide.

Mkuluyonso musamupange mngelo. Alembi ambiri akafuna kuteteza wosauka amamuchotsa umunthu, n'kumusiya wofatsa ngati chithunzi cha pakhoma. Kumenekonso n'kuweruza ndi maso, kungoti kwavala chifundo. Mpatseni zake. Mwina nayenso wamuyeza mtsikanayo poona siketi ndi zikhadabo, n'kugamula mumtima kuti awa ndi ana a mabwana osadziwa khasu, ndipo akulakwitsa. Mwina amabwereza nkhani imodzi katatu. Mwina ali ndi kaukali kake. Anthu awiri olakwitsana ali pamtunda wa mamita atatu kwa maola anayi, imeneyo ndi nkhani yokwanira.

Pampondachimera pasakhale phokoso. Foni ya mtsikanayo ilire, ndi amayi ake kumudzi, ndipo poyankha mofulumira, motsitsa mawu, lilime la kwawo lituluke lokha. Mkulu uja adzutse mutu. Foni ikatha anene kuti, "Mwana wanga, kani ndinu wa kwathu? Mayankhulidwewo ndawamva. Kwanu kwenikweni n'kuti?" Alibe cholinga chomuchititsa manyazi, wakondwa kuti wapeza wake mumzinda wa eni. Koma kwa mtsikanayo, zaka zonse zopukuta mapazi zagwa ndi funso limodzi, ndipo mnzake wa desiki yapafupi wamva. Ayankha chiyani? Akhoza kukana kwawo. Akhoza kutchula dzina la mudzi motsitsa. Akhoza kudzuka osayankha n'kukagogoda kwa abwana. Zitatu zonsezi ndi nkhani zosiyana, ndipo wosankha ndinu, chifukwa mtsikanayu mukumudziwa ndinu. Ine ndikanakonda kuti akane, kenako avutike nako kukanako, chifukwa ndi zimene ndaona anthu akuchita kawirikawiri, koma musatengere zanga ngati mtima wa nkhani ukukokerani kwina.

Chimodzi chokha ndikupemphani: musamalize ndi ndime yoti kuyambira tsiku limenelo anaphunzira kulemekeza aliyense. Ife aphunzitsi dzanja limatiyabwa kulemba phunziro pansi, poti tinazolowera kufunsa ana kuti nkhaniyi ikutiphunzitsa chiyani. M'kalasi funsolo lili ndi malo ake, koma mlembi akaliyankha yekha wamulanda wowerenga ntchito. Ndipo mukamaphunzitsa nkhani zoterezi, yesaniko kufunsa ana funso lina pambali pa lija lakuti ndani analakwa: afunseni kuti ndi pa mzere uti pamene iwo eni anayamba kumuda kapena kumukonda mpangankhani, ndipo chinawachititsa n'chiyani. Mudzamva mayankho okhudza zovala, dzina, mtundu, kayankhulidwe, ndipo phunziro lidzayambira pamenepo.

Za mathero, yang'anani m'jumbo muja. Mkuluyo pochoka, kaya wathandizidwa kaya wauzidwa kuti abwerenso Lachinayi, atapeko mtedza dzanja limodzi n'kuuthira pa desiki, pambali pa kompyuta, monga achitira munthu wa kumudzi akakumana ndi mwana wa kwawo. Atsanzike, patapata zimveke mpaka pakhomo. Mtsikanayo atsale ndi mtedzawo pamaso pa anzake, ndipo abwana akutuluka mu ofesi. Lembani chimene dzanja lake lichite, n'kuika cholembera pansi. Mukatero itumizeninso kwa mkonzi yemwe uja.